Kachidutswa Kamene Kanasowa mwa Kanjiwa

9 Febuluwale

Okondedwa amake Kanjiwa,

Ndiyambe ndi moni. Muli bwanji inu, Kanjiwa wathu, ndi mlendo amene mwanyamulayo? Kusanza kwa m'mawa kuja kwachepako? Ine kuno ndili bwino, kupatula zalazi zimene zimakokana kukazizira, monga mukuzidziwa kale.

Kalatayi ndapatsira adalaivala a basi ya Lachisanu. Ndizilemba m'malo moimba, chifukwa foni ya pakhomopo imakhala m'thumba la amayi, komanso mawu angawa pa foni amamveka ngati munthu akulankhulira m'chitini. Mumangoti "mwati chiyani?" mpaka mayunitsi kutha.

Ntchito ndaipeza. Ndimatsuka mabotolo m'nyumba ina yaitali kuseri kwa chipatala chachikulu, momwe anthu ophunzira amafufuza za thupi la munthu. Chipinda changa chili pansi penipeni. Zenera lake lili m'mwamba, ndiye ndikatukula maso ndimangoona nsapato za anthu odutsa mumsewu. Muli masinki atatu ndi chimphika chachitsulo chachikulu ngati kabati, chophikira mabotolo ndi nthunzi kuti tizilombo tife. Ndikachitsegula, nthunzi imadzaza chipinda chonse, ndipo kwa kanthawi sindidziwa kumene ndili. Dzulo munthunzimo ndinakuonani muli pa makina anu osokera, mutaluma phini, mwendo ukupalasa. Ndinatsala pang'ono kukufunsani ngati madzi osamba atentha. Nthunzi itatha ndinapezeka ndikumwetulira khoma.

Bwana wanga ndi mayi. Ndi dokotala, koma osati wobaya jakisoni. Kulikonse amayenda ndi kandowa ka ayezi, ndiye tonse timangowatchula kuti Mayi Ayezi, ndipo amavomera. Iwo ndi anzawo kuyambira m'mawa nkhani ndi ya Hira. Hira wachita chakuti, Hira lero wakana, Hira sakuoneka. Ine sindinamuonebe, koma zikuoneka kuti ndi wovuta.

Kumene ndimakhala ndi kokwera sitima. Tilimo anayi m'chipinda chimodzi, anthu abwino ndithu. Zinthu m'masitolo ndi zodula moti ndimangozipatsa moni n'kudutsa. Za mapepala anga okhalira m'dziko lino tidzakambirana tsiku lina, musade nazo nkhawa.

Kanjiwa asamathamange padzuwa. Milomo ikayamba kuda mumusiye anyonyomale monga amachitira, musamudzutse msanga. M'jumbomu ndamuikira kajuzi kofiira, ndi masingano a makina amene munanena aja.

Mawu amene amayi ananena tsiku lonyamuka lija, akuti mimba yanu imaononga ana, musawasunge mumtima. Ndi ukalamba chabe. Piriranibe.

Ine wanu,
bambo a Kanjiwa

16 Malichi

Okondedwa amake Kanjiwa,

Moni wanga ukupezeni muli ndi moyo. Kalata yanu ndalandira, ndipo ndamva kuti chifuwa cha Kanjiwa chabwereranso. Mankhwalawo musalekeze panjira, ngakhale aoneke ngati wachira.

Koma inu mwandiseketsa mpaka anzanga m'chipindamu anafunsa ngati mutu wanga ukugwira. Mwati, "Hira ameneyo ndi mwana wa yani, nanga bwanji akutchulidwa kanayi m'kalata imodzi?" Funso lanulo ndinakalitula kwa Mayi Ayezi momwe munalembera. Anaseka mpaka kukhazika kandowa pansi. Kenako anang'amba pepala lopukutira m'manja, nayamba kujambula.

"M'thupi mwanu muli timaselo tosawerengeka, tosaoneka ndi maso," anatero. "M'kaselo kalikonse muli ulusi wotalika kuposa inuyo mutaimirira. Pa ulusi umenewo panalembedwa malangizo a kapangidwe ka munthu: mtima ukhale chonchi, khutu likhale apa."

Ndinati, "Mayi, ulusi wautali choncho ukwana bwanji m'kanthu kosaoneka?"

"Umakulungidwa pa timabobini ting'onoting'ono. Pakafunika kuwerenga malo ena, ulusi umamasulidwa pamenepo. HIRA ndi puloteni, tinene kuti ndi wantchito, amene amabweretsa timabobini ndi kuthandiza kuti ulusi ukulungidwenso bwinobwino. Kachigawo ka ulusi kamene kamanena za kapangidwe ka wantchitoyo timati jini yake, ndipo dzina ndi lomwelo."

Ndiye mtima ukhale pansi, mayi. Hira ali mwa ine, ali mwa inu, ali mwa amayi, ndipo ntchito yake ndi yomwe mumachita inu musanayambe kusoka. Masana amenewo ndinakhala pabenchi ndikuyang'ana chikhatho changa. Ndinkaganiza za timatelala tonseto tikukulunga ulusi mwakachetechete, osapuma ndi Lamlungu lomwe, kuyambira ndisanabadwe. Ndinachita manyazi kuti sindinatithokozepo.

Andionjezera ntchito yodyetsa nsomba. Pali chipinda chofunda chodzaza ndi mathanki agalasi kuyambira pansi mpaka kudenga, ndipo madzi ake amalira ngati mvula yowaza pa masamba. Tinsombato ndi ta mizeremizere, totalika ngati chala cha Kanjiwa. Mazira ake amaonekera mkati. Mayi Ayezi anandilola kusuzumira pa makina okulitsa zinthu. Amake Kanjiwa, ndinaona mtima! Kanthu ka masiku awiri, kosadziwa ndi kudya komwe, koma mtima ukugunda, timagazi tikuyenda pamzere ngati ana a sukulu akulowa m'kalasi. Ndinakumbukira mlendo wathuyo. Pobwerera ndinaodzera m'sitima, ndipo ndinalota mimba yanu ikuonekera mkati choncho, ine nditagwada pambali ndikumvera kugunda kwake. Ndinapitirira siteshoni yanga.

Mwalemba kuti achemwali anga anachotsa makina anu pakhonde akuti akusokosa, ndiponso kuti amayi sakudya chimene mwaphika inu. Ndamva. Ndilankhula nawo ikapezeka nthawi yabwino. Pakadali pano musawayankhe.

Wanu nthawi zonse,
bambo a Kanjiwa

27 Epulo

Okondedwa amake Kanjiwa,

Ndikhulupirira kuti nonse mwadzuka bwino, ndipo mlendo wayamba kuponda. Ine moyo ulipo. Kalatayi muiwerenge muli nokha, mutakhala pansi.

Lachitatu kunali msonkhano m'chipinda cha pamwamba. Ndinalowa kukatenga makapu, magetsi atazimitsidwa, zithunzi zikuwala pakhoma. Nditatembenuka ndinaona nkhope ya Kanjiwa. Sanali iye, anali mwana wa anthu ena, wa khungu lina. Koma timakutu tomweto, kakamwa komweko, maso aang'ono aja ooneka ngati ali ndi tulo. Kenako panabwera wina, ndi winanso, ngati ana a bere limodzi obadwira kutali ndi kutali. Ndinaima ndi thireyi m'manja mpaka magetsi anayaka, anthu onse akundiyang'ana.

Msonkhano utatha Mayi Ayezi anatsikira kuchipinda changa, chinthu chimene sachitachita. Ndinawaonetsa chithunzi cha Kanjiwa chimene ndimayenda nacho m'thumba. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Anafunsa za mtima wake, za mkaka umene unkatulukira m'mphuno ali khanda, za kudwaladwala, za mawu ake ong'ung'udza aja amene tinamutchulira dzina la Kanjiwa. Ankafunsa ngati munthu amene anakhalapo pakhomo pathu. Ndinawauzanso za mwana wathu woyamba, amene sanakwanitse mwezi. Dzina lake linandikanika kutchula.

Anati pali ana ena amene amabadwa kachidutswa ka ulusi uja katasowa. Pa kachidutswako pali HIRA ndi majini ena makumi angapo, oyandikana ngati nyumba za mumzere umodzi. Akasowa pamodzi, mtima, denga la m'kamwa ndi chitetezo cha thupi zimatha kupangika mosakwanira. Anati sanganene kuti Kanjiwa ali choncho asanayezedwe, komanso iwo si dokotala wa ana.

Ndinafunsa, "Mayi, kodi limakhala vuto la mimba ya amake mwana?"

"Ayi," anatero mwamphamvu. "Si chimene mayi anadya, si chimene ananyamula, si kuti analakwira munthu. Mwa ana khumi otere, pafupifupi asanu ndi anayi makolo awo onse awiri alibe kanthu. Zimangochitika poyambirira penipeni."

Mwamva, amake Kanjiwa? Si inu. Ndinakwera masitepe onse mpaka padenga la nyumbayo. Ndinaima pamenepo mphepo ikundiomba, mitambo ikuyenda pang'onopang'ono kulowera kwathuko, ine ndikuinong'oneza kuti ikakuuzeni basi isanafike.

Za wakhumiyo sindinafunse. Iwo ndi amene anayang'ana zala zanga, zimene zinali zitakokana pa khosi la botolo, nandifunsa ngati ndinayamba kale kulankhula chonchi. Andilembera kapepala kokaonana ndi alangizi a kuchipatala kuja. Ndapitako, anditenga magazi pang'ono. Ndi dongosolo lawo chabe.

Amayi musawauze kaye. Ndidzawauza ndekha zotsatira zikatuluka.

Ine wanu,
bambo a Kanjiwa

30 Meyi

Amake Kanjiwa,

Moni nonse. Ine ndili bwino. Zotsatira sizinatuluke, akuti zimachedwa.

Kuno kwazizira. Nsapato zodutsa pazenera zasanduka majombo. Masiku ano nthawi yopuma ndimakakhala kwa nsomba, pa kampando ka pakona, ndikumvera madzi. Nthawi zina ndimaona ngati chipinda chonse chamira ndipo ine ndikuyandama pamodzi nazo, wopanda dzina, wopanda kwathu. Pakonapo pali thanki ya tinsomba timene anatichotsera dala kanthu kena m'ulusi. Tina timasambira mopendekera. Tina simungatisiyanitse ndi tinzake talungalunga. Timeneto ndi timene ndimatiyang'anitsitsa.

Sabata ino ndaswa mabotolo awiri. Palibe amene wandikalipira, ndipo zimenezo ndiye zikundiwawa.

Achemwali anandiimbira. Za mphunzitsi wamkazi amene akuti andipezera musazimvere. Sindinavomere kanthu.

Mwafunsanso kuti ndilankhula liti ndi amayi. Posachedwapa.

Ndaika sopo ndi timabulangete tiwiri ta mlendo. Kanjiwa mumuuze kuti bambo ake akumukumbukira.

Ine,
bambo a Kanjiwa

21 Ogasiti

Amake Kanjiwa,

Sindikudziwa ngati ndikuyenera kufunsa za moyo wanu, komabe ndikufunsa. Muli bwanji? Miyendo yatupa? Kanjiwa akupuma bwanji? Alamu, achimwene anu aja, ndi akunyumba kwawo alandire moni wanga, ndipo ndikuwathokoza chifukwa chokusungani.

Jumbo la mwezi watha adalaivala anabwerera nalo losatsegula. Anati pakhomo anapeza achemwali okha. Aneba ndi amene anawauza kuti munachoka m'mawa wina mutasenza mutu wa makina, Kanjiwa akukutsatani pambuyo, akupumira pa mtengo uliwonse. Pondipatsa jumbolo adalaivalawo anati, "Achimwene, aka n'kachiwiri mukutumiza sopo wopanda kalata. Mkazi sawerenga sopo." 

Ndinakunamizani. Zotsatira zinatuluka pa 12 Meyi, ndisanalembe kalata yomaliza ija.

Alangizi ndi mayi wachikulire wa mawu ofatsa. Anatseka chitseko, nandipatsa madzi akumwa. Kenako anatenga mapensulo awiri, ina yathunthu, ina yoduka, nawagoneka patebulo. Anati munthu aliyense ulusi uja ali nawo pawiri, wina wochokera kwa mayi ake, wina kwa bambo ake.

"Inu bambo, wanu wina ndi wathunthu, wina ndi wodukawu. Kachidutswa kaja mbali imodzi mulibe. N'chifukwa chake mawu anu amatulukira m'mphuno, ndipo mwina n'chifukwa chakenso zala zimakokana. Ena zimawagwira pang'ono ngati inu, ena kwambiri, ngakhale m'banja limodzi."

Anabisa mapensulowo kumbuyo kwawo. "Mwana aliyense amatenga imodzi mwa ziwirizi. Simusankha inu, sasankha mayi, sasankha mwana."

Ndinafunsa za amene ali m'mimbayo. Anatulutsa manja onse awiri atafumbata. "Akhoza kutenga iyi, akhoza kutenga iyi. Mwayi ndi wofanana."

Ndiye wakhumi uja ndine. Kanjiwa akadzayezedwa tidzatsimikiza, koma ine ndikudziwa kale.

Alangizi ananena kangapo kuti si mlandu wanga, palibe munthu amene amadula ulusi wake dala. Zimenezo ndikuvomereza. Koma mlandu wanga ulipo wina, ndipo suli m'magazi. Tsiku limene tinaika mwana wathu woyamba, amayi ananena pamaso pa anthu kuti munalowa pakhomo pathu ndi mimba yoipa. Inu munandiyang'ana. Ine ndinayang'ana pansi. Zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikukuuzani kuti pirirani, ndipo ndivomere lero kuti pansi pamtima ndinkaganiza kuti mwina akunena zoona. Ndinkadziona ngati mwamuna wachifundo amene akusunga mkazi watsoka.

Miyezi itatuyi ndakhala ndikudzuka, kukwera sitima, kutsuka, kubwerera, ngati munthu woyenda m'madzi. Makalata ndinayamba ambiri, onse ndinang'amba. Ndinkaopa kuti mukadziwa simudzandifunanso. Ndiye ndinakhala chete, ndipo kukhala chete komweko ndi kumene kwakuchotsani pakhomo muli ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri.

M'envulopumu muli pepala la chidindo lochokera kwa alangizi. Mukalionetse kusikelo, ndi kwa azamba tsiku lanu likafika. Likunena zoti ayang'ane mwa khanda likangobadwa: mtima, kayamwidwe, ndi mchere wina wa m'magazi wotchedwa kashiamu. Likunenanso za Kanjiwa, kuti ayezedwe magazi ndipo mtima wake uonedwe ndi akatswiri, chifukwa ana ena otere amathandizika ndi opaleshoni. Mundikwiyire mmene mungathere, koma pepalalo musalitaye.

Sindikupempha kuti mubwerere. Ndikungofuna kuti katundu amene mwasenza zaka zonsezi mumutule, chifukwa si wanu.

Ine amene ndakulakwirani,
bambo a Kanjiwa

8 Sepitembala

Amake Kanjiwa,

Moni kwa inu ndi onse a pakhomo pa alamu. Yankho lanu silinafike, ndipo sindikudandaula. Adalaivala akuti kalata munalandira, mukuoneka amphamvu, ndipo makina akulira pakhonde. Zimenezo zandikwanira sabata yonse. Ine andipatsa mapiritsi a kashiamu, ndipo zala zayamba kumasuka. Zaka zonsezi ndinkati ndi kuzizira.

Ndalankhula ndi amayi. Lamlungu masana ndinakakhala pabenchi ya m'paki, pansi pa mtengo umene ukuyoyola maluwa, n'kuimba. Ndinalankhula pang'onopang'ono, liwu limodzilimodzi, kuti asadzati sanamve.

"Amayi, matenda a Kanjiwa ndi a mwana woyamba uja anachokera mwa ine. Andiyeza magazi."

"Akunamiza anthu akowo. Kwathu kulibe zimenezo."

"Amayi, ine ndili khanda ndinkayamwa bwanji?"

 Ndinkangomva nkhuku, wailesi ya aneba, ndi kupuma kwa amayi. Duwa lina linagwera pabondo langa, linanso paphewa. Ndinaganiza kuti foni yaduka.

Kenako anati, "Wakuuza ndani?"

"Palibe."

"Unkatsamwa," anatero. "Mkaka unkatulukira m'mphuno. Ndinkakumwetsa ndi kasupuni, dontho limodzilimodzi, miyezi inayi, nditakukhazika tsonga pamwendo panga. Unayamba kulankhula uli ndi zaka zinayi. Agogo ako, amake a bambo ako, ankati ndine ndakuononga. Ananditulutsira katundu panja kawiri."

"Nanga bwanji amayi, inu amene munazilawa, munachitira mnzanu zomwezo?"

Pamenepo anayamba kulira, ndipo chikhalireni sindinawamvepo akulira choncho. "Nditaona mwana woyamba uja mkaka ukutuluka m'mphuno, ndinadziwa. Ndinaopa kuti anthu akumbukira za iwe, n'kunenanso kuti gwero lake ndine. Ndinafulumira kuloza wina asanandiloze."

Ndinawauza zimene alangizi anandiuza, kuti mwina kachidutswako kanayambira kusowa mwa ine, osachokera kwa iwo kapena kwa malemu bambo, ndipo ngakhale kakanachokera kwa iwo, si tchimo. Anafunsa kawiri, "Ndiye si ine?" Mawu awo anali ngati a kamtsikana. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi akhala akudikira munthu woti awayankhe.

Sindikulemba izi kuti muwamvere chisoni. Zimene anakuchitani anakuchitani. Ndangofuna mudziwe kuti ndanena. Achemwali ndawauzanso kuti mphunzitsi wawoyo amufunire wina. Ine mkazi ndili naye, ngati iye akundifunabe.

Nditatseka foni ndinakhalabe pabenchipo mpaka dzuwa linapendeka. Ndinkayang'ana anthu akudutsa, wokankha njinga, mayi wa ambulera, agogo awiri ogwirana mkono, ndikuganiza kuti aliyense wanyamula zolembedwa zake m'thupi ndipo sanaziwerengepo. Amangoyenda, kuseka, kukangana za basi. Ndinawakonda onse masana amenewo, sindikudziwa chifukwa chake.

Masiku anu ayandikira. Chikwama chikhale pafupi ndi chitseko, pepala lija lili pamwamba. Alamu ndawapempha kuti akambirane ndi wa galimoto nthawi isanakwane.

Ine,
bambo a Kanjiwa

12 Okutobala

Okondedwa amake ana anga,

Moni, moni, moni! Mwachira bwanji? Bala likupola? Kalata yanu ndinaiwerenga nditaimirira pa depoti pomwepo, injini ya basi isanazime, anthu akundigunda ndi zikwama. Mwana wamkazi! Adalaivala anandigwedeza mkono mpaka chipewa chinagwa.

Mwati akuyamwa mpaka kukupwetekani, ndipo adokotala amvera mtima wake n'kunena kuti ukugunda bwino. Mwatinso magazi ake ndi a Kanjiwa atumizidwa kokayezedwa, ndipo yankho litenga miyezi. Alangizi anandichenjeza kale kuti kuyamwa bwino si chitsimikizo, ndiye sindikudzinamiza. Chimene watenga watenga, ndi wathu. Ndikatseka maso ndimamuona, ngakhale simunandiuze kuti wafanana ndi yani. Tsiku lina amakhala ndi mphumi yanu, tsiku lina ndi chibwano cha alamu, ndipo ndimamupepesa.

Mayi Ayezi nditawauza anandigwira dzanja ndi manja awo ozizirawo, osalisiya. Andipatsa tchuthi cha masabata atatu, ndipo andithandiza kuti mapepala anga aja atheke, moti ndikhoza kupita ndi kubwerera popanda mantha. Tsiku la Kanjiwa kwa akatswiri a mtima mwati ndi 6 Novembala. Ndidzakhalapo. Ndidzamubereka ndine, inu mudzanyamule khanda.

Mwalemba kuti amayi anabwera kwa alamu masiku atatu otsatizana, kukhala panja, kuchapa matewera popanda wowatuma, ndipo inu simunawauze kanthu kupitirira moni. Zili kwa inu. Palibe amene akufulumizitseni, ngakhale ine.

Tsopano mawu anu a kumapeto aja. Ndiwalembe pano kuti muone kuti ndawamva bwino. Mwati, "Mwalemba bwino, bambo a Kanjiwa, koma ine ananditukwana pagulu, osati papepala. Amene anamva tsiku lija akadali moyo, ndipo makutu awo akugwira ntchito. Ngati mukufuna ndibwerere, mudzanene pamaso pawo zimene mwandilembera ine, inu mwini, mutaimirira."

 Mukundidziwa, ine ndine munthu amene pamsonkhano ndimakhala kumbuyo kwa mzati. Koma mwanena zoona, ndipo ndichita. Ndayamba kale kuyeserera nthawi yopuma. Dzulo mlonda wa pachipata anandipeza nditaimirira pakati pa chipinda, manja kumbuyo, ndikuuza masinki kuti, "Abale ndi alongo, mkazi wanga munamunamizira, ndipo ine ndinakhala chete." Anavula chipewa, namvera mpaka kumapeto, kenako anati ndikweze mawu pofika pa mbali ya ine.

Ndinyamuka pa 30, ndifika Loweruka. Lamlungu masana tidzakhale pabwalo la pakhomo paja. Amayi avomera kuyenda okha khomo ndi khomo kukaitana anthu: amalume, azakhali, aneba a kuseri, ndi mayi wogulitsa makala uja amene anafalitsa nkhaniyi pamsika. Anandifunsa ngati nawonso angalankhule ine ndikamaliza. Ndawauza kuti zimenezo akafunse kwa inu.

Mabenchi abwereka kusukulu. Achemwali ndanena kuti adzakhale kutsogolo. Mpando waulemu, wokhala ndi chotsamira, ndi wanu.

Ine wanu, ngati mwalola,
bambo a ana anu